Khasu Likagunda Phale M'munda

Anzanga, nyengo yogalauza ndi kuunda mizere ikafika, ambiri a ife timayamba ndi khasu m'mamawa kenako n'kuthamangira kuno fumbi lili m'miyendo. Sukulu yoyendera ndi choncho. Ndiye palibe pakati pathu amene sanamvepo khasu likulira kuti ngwe! pa chinthu cholimba. Kawirikawiri umakhala mwala basi. Koma nthawi zina ukatola umapeza kuti ndi phale lokhala ndi timizere m'mphepete, kapena mphero yosweka pakati, kapena chibuma chakuda cholemera chooneka ngati chinasungunukapo pamoto. Timachiyang'ana pang'ono, n'kuchiponya kumalire a munda, ntchito n'kupitirira. Phunziro la lero likukhudza kanthawi kochepa kameneko, chinthu chili m'manja tisanachiponye.

Tiyambire ku Nigeria. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ku Igbo-Ukwu, kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, bambo wina dzina lake Isaiah Anozie ankakumba dzenje losungiramo madzi pakhomo pake. Asanafike pansi kwenikweni anagunda mbale yachitsulo yokongoletsedwa modabwitsa. Atapitiriza kukumba anatulutsa zinanso zambiri: mbale zazikulu ndi zazing'ono, zokongoletsera ndodo, zovala m'khosi. Zonsezi zinali za mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo pa zina panali tizithunzi ta ntchentche, ziwala, njoka ndi achule, tooneka ngati tingoyenda. Bamboyo sanadziwe kuti wapeza chiyani. Zina anagawira anzake ndi anansi, zina anaziyesa ziwiya zomwetsera mbuzi. Tangoganizani, mbuzi kumwera madzi m'mbale ya zaka 1,000!

Tisawaseke bambo Anozie. Mbuzi zimafuna madzi, mbale inalipo, ndipo panalibe amene anawaphunzitsapo zimene mukuwerenga panozi. Patapita miyezi, bwanamkubwa wachitsamunda wa m'deralo, J. O. Field, anamva za nkhaniyi n'kugula zambiri mwa zinthuzo. Zinthu zinapulumuka, koma panali funso limene palibe akanayankha: zinapangidwa liti, ndipo anazipanga ndani? Zinali zitachotsedwa kale pamalo pake, zitayendayenda m'manja mwa anthu. Zinali zokongola koma zosalankhula.

Panadutsa zaka pafupifupi 20. Mu 1959 katswiri wofukula zakale, Thurstan Shaw, anapita kukakumba pamalo omwewo, koma mwa njira ina: pang'onopang'ono, ndi timipeni ndi timaburashi, akujambula ndi kulemba pamene chilichonse chagona asanachinyamule. Pakhomo pa Isaiah anapeza zinthu zina zikadali mmene eni ake anazisiyira, zitayalidwa bwino ngati m'nyumba yosungiramo zipangizo za miyambo. Pakhomo pa mbale wake Richard anapeza manda a munthu wolemekezeka amene anaikidwa ali chikhalire pampando, atavala zamkuwa, pafupi pake pali minyanga ya njovu. Mu 1964 anakumbanso pakhomo pa mbale wina, Jonah, n'kupeza dzenje lotayiramo zinthu. Malo atatuwa mpaka lero amatchedwa ndi mayina a abale aja: Igbo Isaiah, Igbo Richard ndi Igbo Jonah. Mikanda yokha imene inapezeka inali pafupifupi 165,000.

Koma chimene chinasintha mabuku a mbiri si mikanda kapena mbale ayi. Ndi timitengo towola ndi makala amene anapezeka pamodzi ndi zinthuzo. Atawayeza, anaonetsa zaka za m'ma 800 mpaka 900 AD. Apwitikizi anafika m'mphepete mwa nyanja kuderalo m'zaka za m'ma 1470. Ndiye kuti amisiri a ku Igbo-Ukwu ankaumba zitsulo zapamwamba chonchi zaka mahandiredi angapo Mzungu asanapondeko. Njira yawo inali yotere: ankayamba aumba chinthucho ndi phula kapena utomoni, n'kuchimata dongo, n'kuchiwotcha kuti phula lisungunuke lituluke, kenako n'kuthira mkuwa wamadzimadzi m'mpata umene phula lasiya. Ukazizira ankaswa dongo lija. Chikombole chilichonse chinkagwira ntchito kamodzi kokha, ukalakwitsa uyambirenso. Umboni wa zonsezi unadalira makala, chinthu chimene aliyense wa ife akanachikankha ndi phazi.

Yerekezani ndi zimene zinachitika ku Hoxne, m'dera la Suffolk ku England, mu Novembala 1992. Mlimi wina anataya hamala m'munda, n'kupempha mnzake Eric Lawes kuti amufunire ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. M'malo mwa hamala, Lawes anayamba kutulutsa masipuni asiliva ndi ndalama zagolide. Apa ndi pamene anachita chinthu chimene ambiri sitingachite: anasiya kukumba, n'kukadziwitsa akuluakulu. Mawa lake akatswiri anabwera n'kufukula zotsalazo mwadongosolo. Anapeza ndalama zachitsulo 14,865 za nthawi ya Aroma, pamodzi ndi zibangili ndi ziwiya pafupifupi 200. Chifukwa choti zambiri zinali zisanasunthidwe, anatha kudziwa kuti katunduyo anali m'bokosi lamatabwa limene linawola kalekale, kuti mkati mwake munali timabokosi tina, ndiponso kuti anakwiriridwa chaka cha 407 AD chitadutsa, poti ndalama zatsopano kwambiri pa zonsezo ndi za m'nthawi imeneyo. Boma linapereka mapaundi 1.75 miliyoni, amene Lawes anagawana ndi mlimi uja. Hamala ija inapezekanso, ndipo nayo ili ku British Museum. Koma musathamangire kukakumba kumunda kwa agogo kuti mulemere. Lamulo lolipira opeza chuma chotere ndi la kumeneko, ndipo dothi lathu limasunga zinthu za mtundu wina.

Tsono n'chifukwa chiyani malo ali ofunika chonchi? Taganizirani dzala la kwanu. Zinyalala za dzulo zili pamwamba, za chaka chatha zili pansi pake, za nthawi imene munali khanda zili pansi penipeni. Mudzi ukakhala pamalo amodzi zaka zambiri, dothi limaunjikana chimodzimodzi: phulusa, zigumu za nyumba zakugwa, mapale, mafupa, fumbi. Chapansi chimakhala chakale kuposa chapamwamba, pokhapokha ngati wina wasokoneza. Ndipo osokoneza alipo ambiri. Chiswe chimasokoneza, mbewa ndi mfuko zimasokoneza, mizu ya mitengo imasokoneza, koma wamkulu wa onse ndi ife alimi. Chaka ndi chaka timaswa mizere yakale n'kuunda ina, choncho dothi lonse limene khasu limafika ndi losakanikirana ngati nsima yovundula. N'chifukwa chake m'mzere umodzi mungapeze phale la zaka 1,000 litagundana ndi chivindikiro cha botolo la Fanta. Pansi pa pamene khasu limalekezera m'pamene dothi limakhala lili m'malo mwake. Amene amafika kumeneko ndi okumba chitsime cha kudimba, dzenje la chimbudzi, dzenje la manyowa kapena nkhuti za njerwa. Amenewa ndiwo ayenera kukhala maso kwambiri.

Zinthu zopezeka pamodzi zimachitirana umboni. Tinene kuti mwakumba dzenje la nthochi ndipo pansi pa mphika wovundikira mwapeza khobidi lobowoka pakati, lokhala ndi njovu ziwiri, lolembedwa Rhodesia and Nyasaland 1957. Agogo anu amalidziwa khobidi limeneli, ndi la nthawi ya Chitaganya, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Kodi likutiuza chiyani? Likutiuza kuti mphikawo sunaikidwe pamenepo chaka cha 1957 chisanafike. Koma silikutiuza kuti unaikidwa mu 1957 momwemo, chifukwa ndalama imatha kukhala m'thumba kapena m'chitini zaka zambiri. Akatswiri a ku Hoxne aja anaganiza chimodzimodzi. Mukatola khobidilo n'kuliika m'thumba, mphika n'kuuswa, umboni wonse watha, ngakhale zinthu zonse ziwiri mutazisunga.

Nanga pamene palibe ndalama, monga mmene zilili ndi mbiri yathu yambiri? Apa m'pamene makala amagwira ntchito, ndipo a Fomu 3 ndi 4 mumvetsere chifukwa izi ndi sayansi yanu yomwe ija. Chamoyo chilichonse chimalowetsa m'thupi mwake mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14. Zomera zimautenga mumpweya, nyama ndi anthu timautenga m'zakudya. Chamoyocho chikafa chimasiya kulowetsa, ndipo carbon-14 amene anali m'thupimo amayamba kuchepa pa liwiro lodziwika: pakatha zaka 5,730 amatsala theka, pakatha zaka zina 5,730 amatsala theka la theka lija. Poyeza amene watsala m'khala, m'fupa kapena m'njere yopserera, akatswiri amawerengera kuti mtengowo kapena nyamayo inafa liti. Njirayi anaitulukira Willard Libby wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960. Imagwira ntchito pa zinthu zosapitirira zaka pafupifupi 50,000, komanso pa zinthu zokhazo zimene zinali zamoyo. Mwala suyezedwa chonchi. Ndiye mukaona phale lili pakati pa phulusa ndi makala pansi pa dzenje, dziwani kuti makalawo ndiwo kalendala ya phalelo. Mukawalekanitsa, phale latsala lopanda zaka.

Tibwere kwathu kuno. Dothi la Malawi si losauka pa zakale ngakhale pang'ono, kungoti chuma chake sichinyezimira. Chimene mudzachipeze kawirikawiri ndi phale, ndipo mapale amasiyana monga mmene zitenje za amayi athu zimasiyanirana ndi za agogo awo. M'badwo uliwonse unali ndi kaumbidwe kake. Akatswiri anapatsa mitundu ya miphika yakale mayina a malo amene inayamba kufufuzidwa. Ya Nkope, dzina lochokera ku Nkope m'boma la Mangochi kumene Keith Robinson anakumba m'zaka za m'ma 1960, ndi ya alimi oyambirira odziwa kusula chitsulo, kuyambira cha m'ma 300 AD. Imakhala yochindikala, milomo yake yonenepa, yokongoletsedwa ndi mizere kapena timadontho todinda m'munsi mwa mlomo. Kumpoto miphika ya nthawi yomweyo imatchedwa ya Mwabulambo. Pambuyo pake panabwera ya Kapeni, kenako ya Mawudzu, yopyapyala, imene imapezeka m'malo a nthawi ya ufumu wa Maravi, ndipo ya Nkhudzi ndi yaposachedwapa. Ndiye mukatola phale, yambani mwaona ngati lili ndi mlomo kapena zolembalemba. Phale la pamimba pa mphika lopanda chizindikiro silinena zambiri, koma la pamlomo katswiri amatha kulizindikira pongoliyang'ana.

Chibuma chakuda cholemera chija ndi zotsalira posungunula chitsulo m'ng'anjo. Mukachipeza chambiri pamalo amodzi, makamaka pamodzi ndi timipope tadongo topserera, ndiye kuti pamene mukudzala chimanga lero panali fakitale ya makasu ndi nkhwangwa. Timiyala toyera takuthwa tooneka ngati tosemedwa dala, ndi miyala yobulungira yobowoka pakati, n'zakale kuposa pamenepo. Zimenezo ndi za alenje amene makolo athu ankawatcha Akafula, omwe anajambulanso zina mwa zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Malo a Chongoni ali ndi mapanga ndi matanthwe ojambulidwa 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi cha Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza lomwelo. M'kalasi timaloweza kuti Mankhamba linali likulu la Kalonga, n'kulemba pamayeso, n'kuiwala. Koma katswiri wa kuno kwathu, Dr Yusuf Juwayeyi, anapita kukakumba pamalopo, ndipo chimene anakumba ndi dzala la anthu akalewo. M'dzalamo munatuluka mapale ambirimbiri, mafupa a nyama zimene ankadya, zipangizo zachitsulo, zamkuwa, zosema za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, mpaka zidutswa za mbale zadothi zonyezimira za ku China. Eti mbale ya ku China, ku Mtakataka, zaka mahandiredi angapo David Livingstone asanaone nyanja yathu mu 1859! Izi zikusonyeza kuti Amaravi sanali anthu otsekeredwa m'tchire. Ankachita malonda ofika kugombe la nyanja ya India, ndipo katundu ankayenda ulendo wonsewo kudutsa m'manja ambiri. Zimene agogo ankanena pakamwa zinapeza mboni pansi pa dothi. Kachidutswa ka mbale ngati kameneko mutakapeza pa mzere wa mbatata, mungati ndi mbale ya kugolosale imene mwana anaswa. Chimene chinakapatsa tanthauzo n'chakuti kanapezeka mkati mwa dzala losasokonezedwa, pamodzi ndi mapale ndi makala a nthawi yake.

Anansi athu a ku Zambia ali ndi nkhani yofanana. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi paphiri la Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, anagwera pa manda a anthu ovala mikanda yagolide, oikidwa pamodzi ndi mitanda yamkuwa. Dzina la malowo m'Chitonga limatanthauza ng'ombe yogona, ndipo amene mumamva Chichewa mwaliona kale kuti silili patali ndi chathu.

Tsono khasu lanu likagunda chinthu, mutani? Mapale a pamwamba pa mizere, amene makasu akhala akuwatembenuza zaka zonsezi, mukhoza kuwaona bwinobwino, kuwajambula, n'kukumbukira kuti ndi munda uti ndipo ndi mbali iti. Palibe chifukwa chosiyira kulima. Nkhani imasintha mukapeza chinthu chili pansi, chathunthu kapena chili pagulu: mphika wosasweka, mikanda yambiri, phulusa lochindikala lokhala ndi mafupa. Pamenepo imani. Musakokere kunja kuti muone ngati muli ndalama. Ngati pali foni pafupi, jambulani chinthucho chili pomwepo, mutaika cholembera kapena rula pambali pake kuti kukula kwake kudziwike. Yezani kuya kwake, ngakhale ndi mpini wa khasu, ndipo werengani mapazi kuchokera pa mtengo kapena chulu chodziwika. Mukatero bwezeranipo dothi pang'ono kuti mbuzi ndi ana asasewerepo. Ngati mwachitulutsa kale musanazindikire, zikani kamtengo pamene chinali, ndipo chonde musachikweche ndi mchenga kuti chiwale. Mwaye ndi zotsalira za m'kati mwa mphika zimatha kuuza akatswiri chimene chinaphikidwamo.

Kenako uzani akuluakulu: makolo, mwini munda, a mfumu, ndi aphunzitsi a mbiri kuno kusukulu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act, ndipo limaletsa kufukula, kuwononga kapena kutulutsa kunja zinthu zotere popanda chilolezo. Nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale ndiyo iyenera kudziwitsidwa, ndipo nyumba zosungiramo zakale zilipo ku Chichiri mu Blantyre, ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga. Akabwera munthu wachilendo wofuna kugula mwakachetechete, dziwani kuti iyeyo akudziwa mtengo wake ndipo inu simukudziwa.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, aise, mphika wokwiririka m'munda ndi wotsirikira, ndani angaukhudze? Mantha amenewo ali ndi ubwino umodzi: amene akuopa sakumba. Usiyeni pomwepo, mukauze akuluakulu, iwo ndiwo akudziwa ngati pamalopo panali bwinja, manda kapena kachisi. Ndipo muwafunse ndithu, chifukwa agogo amene amakumbukira kuti paja panali mudzi wa uje anthu asanasamuke ali ndi theka la yankho limene katswiri amalifuna.

Pali zinthu ziwiri zimene sizifuna n'kujambula komwe. Choyamba ndi mafupa a munthu. Amenewo ndi nkhani ya a mfumu ndi apolisi, chifukwa akhoza kukhala manda akale oyenera ulemu, kapena mlandu waposachedwa. Chachiwiri ndi chitsulo chadzimbiri chooneka ngati botolo, chitini chotseka kapena kamunsi kosongoka. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo pakati pa asilikali a Britain ndi a Germany mu Seputembala 1914, ndipo kwa anansi athu ku Mozambique nkhondo inatha mu 1992, choncho m'madera ena, makamaka a m'malire, zida zakale zikhoza kukhala zikadali m'dothi. Bomba silikalamba ngati mphika. Musaligogode kuti mumve kulira kwake, musalinyamule kupita nalo kwa ogula zitsulo, musaliike pamoto. Chokanipo, letsani ana, kauzeni apolisi.

Mafunso awiri oti mukambirane pa buleki. Loyamba: khala lapezeka pansi pa phanga, ndipo carbon-14 amene watsalamo ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a amene analimo poyamba. Mtengowo unafa zaka zingati zapitazo? Lachiwiri: pokumba chimbudzi, munthu wapeza ndalama ya 1 tambala yolembedwa 1971 pakuya kwa mita imodzi ndi theka, koma mapale a Nkope wawapeza pamwamba pake, pakuya kwa theka la mita. Mapalewo ndi akale kuposa ndalamayo ndi zaka zoposa 1,000. Fotokozani njira ziwiri zimene ndalamayo ikanafikira pansi pa mapalewo.